Poizoni Akagwera Mumtsinje, Afika Liti Kwathu?

Usiku wolowera pa 1 November 1986, moto unabuka m'nyumba yosungiramo katundu ya kampani ya Sandoz ku Schweizerhalle, kufupi ndi mzinda wa Basel m'dziko la Switzerland. M'nyumbamo munali mankhwala oposa matani 1,000, ambiri mwa iwo ophera tizilombo ta m'munda. Ozimitsa moto analimbana nawo usiku wonse mpaka unazima. Koma madzi amene anathira pamotowo analibe kwina kopita. Anatsetsereka n'kulowa mumtsinje wa Rhine atasenza mankhwala ofika mwina matani 30, kuphatikizapo a mercury. Kutacha, mtsinjewo unali wofiira chifukwa cha utoto umene unali pakati pa katunduyo. Nsomba za mikunga zinafa pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, ndipo m'masiku ngati 10 poizoniyo anali atadutsa Germany ndi Netherlands mpaka kunyanja yamchere.

Tiyerekeze kuti m'mawa umenewo ndife amene tapatsidwa udindo woyang'anira mapampu okoka madzi a mzinda wina wa kumunsi kwa mtsinjewo. Uthenga wafika kuti kumtunda kwatayika mankhwala. Tikatseka mapampu msanga kwambiri, matanki auma poizoniyo asanafike n'komwe, ndipo zipatala ndi masukulu zisowa madzi. Tikachedwa, poizoni alowa m'mipope mpaka m'ndowa za anthu. Ndiye tili ndi mafunso atatu amene akufuna yankho lero lomwe: poizoniyo afika liti, afika ali ndi mphamvu yotani, ndipo adzatha kudutsa liti?

M'phunziro lino tiona mmene akatswiri amagwiritsira ntchito kompyuta poyankha mafunso amenewa. Iwo amalemba pulogalamu yoyerekezera mtsinje, imene pa Chingerezi amaitcha model. Tionanso chimene mayankhowo amatanthauza kwa nsomba ndi kwa anthu.

Zinthu zinayi zimene zimachitikira mankhwala m'madzi

Amene tinakulira kufupi ndi mitsinje tinamvapo za katupe. Anthu opha nsomba mwa njira yoipayi amasankha dziwe la madzi odikha m'chilimwe, sathira pamene madzi akuthamanga m'dzinja. Ngakhale sanalowe m'kalasi ya sayansi, amadziwa kuti madzi othamanga amatenga mankhwala n'kuwathawitsa, ndiponso kuti madzi ambiri amawasukulutsa. Pulogalamu ya pakompyuta imayambira pa nzeru yomweyi, kungoti imaiika m'manambala.

Choyamba ndi kutengedwa. Mankhwala osungunuka amayenda limodzi ndi madzi, pa liwiro la madziwo. Tikadziwa liwiro la mtsinje ndi kutalika kwa mtunda, tadziwa kale tsiku limene poizoni afike.

Chachiwiri ndi kumwazika. Madzi a mumtsinje sayenda pa liwiro limodzi. A pakati amathamanga, a m'mbali ndi a pansi amatsalira chifukwa amakhula miyala, mchenga ndi bango. Choncho mankhwala amene anatayika pamalo amodzi amatambasuka ngati mzere wa anthu opita kumaliro akutali: achinyamata atsogola, agogo atsalira, ndipo ulendo ukamatalika mzerewo umatalikanso. Katswiri wina wa ku Cambridge, Geoffrey Taylor, anafotokoza masamu a kumwazika kotereku mu 1953 pofufuza madzi oyenda mupaipi, ndipo ena anadzagwiritsa ntchito masamuwo pa mitsinje. Zotsatira zake n'zakuti mankhwala amene anatayika kwa ola limodzi angatenge tsiku lathunthu kuti adutse pamalo a kutali. Amafika ofooka, koma amakhalitsa.

Chachitatu ndi kusukuluka. Supuni imodzi ya shuga imakolera m'kapu ya tiyi, koma mumphika wa tiyi wa pamsonkhano simveka n'komwe. Kamtsinje kalikonse ka madzi abwino kamene kakuthira mumtsinje waukulu kamachepetsa mphamvu ya poizoni pa lita iliyonse. Koma tikumbukire kuti kusukuluka sikuchotsa poizoni, kumangomugawa m'madzi ambiri.

Chachinayi ndi kuchoka m'madzi. Mankhwala ena amauluka n'kulowa mumpweya. Ena amaphwanyidwa ndi dzuwa kapena ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Ena amamatirira ku tinthu ta dothi n'kukhazikika m'matope a pansi. Akatswiri amayeza nthawi imene mankhwala amatenga kuti achepe ndi theka. Ena amatenga maola, ena miyezi. Koma zitsulo monga mercury, lead ndi kopa siziwola ayi. Zimangosintha malo.

Tiwerengere limodzi

Manambala otsatirawa tangowapanga kuti tiphunzirirepo. Tinene kuti galimoto yagubuduzika pamlatho ndipo makilogalamu 100 a mankhwala atayikira mumtsinje kwa ola limodzi. Mapampu a mzinda ali pamtunda wa makilomita 86 kumunsi.

M'chilimwe, mtsinjewo ukuyenda theka la mita pa sekondi. Tsiku lili ndi masekondi 86,400, choncho madzi akuyenda mamita 43,200 pa tsiku, omwe ndi makilomita 43 ndi pang'ono. Poizoni afika pamapampu pakatha masiku awiri. Pamlathopo pakudutsa malita 10,000 pa sekondi, omwe ndi malita 36 miliyoni pa ola. Makilogalamu 100 ndi mamiligalamu 100 miliyoni. Tikagawa, tipeza mamiligalamu 2.8 pa lita iliyonse. Ngati mankhwalawo amachepa ndi theka pa masiku awiri, afika pamapampu ali mamiligalamu 1.4 pa lita.

M'dzinja, mtsinje womwewo ukuyenda mita imodzi pa sekondi ndipo pakudutsa malita 50,000 pa sekondi, omwe ndi malita 180 miliyoni pa ola. Poizoni ayamba ali mamiligalamu 0.56 pa lita, ndipo afika pamapampu ali pafupifupi 0.4. Koma afika pakatha tsiku limodzi lokha.

Taonani phunziro limene latuluka. M'chilimwe tili ndi nthawi yokonzekera koma poizoni ndi wamphamvu. M'dzinja poizoni ndi wofooka koma nthawi ndi yochepa. Ngozi yofanana, pamlatho womwewo, imafuna zochita zosiyana malinga ndi nyengo.

Chimene kompyuta imawonjezera

Masamu amene tachitawa akuganiza kuti mtsinje ndi wofanana kuyambira pamlatho mpaka pamapampu, ndipo sanawerengere kumwazika. Mtsinje weniweni uli ndi mathithi, maiwe, madambo, madamu ndi mathiriro a timitsinje tambiri. Apa ndi pamene kompyuta imathandiza.

Pulogalamuyo imadula mtsinje m'zigawo zambirimbiri, ngati mabokosi ondandalikidwa. Bokosi lililonse lili ndi utali wake, kuya kwake ndi liwiro la madzi ake. Kenako pa bokosi lililonse kompyuta imachita zimene msungichuma amachita m'buku lake: zimene zinalipo, kuwonjezera zimene zalowa kuchokera kumtunda, kuchotsa zimene zatuluka kupita kumunsi, kuchotsanso zimene zawola, zauluka kapena zakhazikika pansi. Chotsala ndicho chili m'bokosimo. Ikamaliza mabokosi onse imasuntha nthawi pang'ono, mwina mphindi imodzi, n'kuyambiranso. Lamulo lake ndi limodzi: palibe galamu imene imangosowa popanda kulembedwa kumene yapita. Munthu atati awerengere pamanja angathe miyezi. Kompyuta imamaliza m'kanthawi kochepa, n'kujambula mzere wosonyeza nthawi imene poizoni ayambe kufika pamalo ena alionse, nthawi imene afike pachimake, ndi nthawi imene athe.

Nzeru yoika mtsinje m'masamu inayamba makompyuta asanabwere. Mu 1925, Harold Streeter ndi Earle Phelps analemba masamu ofotokoza mmene mpweya wa okosijeni umachepera mumtsinje wa Ohio ku America pamene zonyansa za m'mizinda zathiridwamo. Masamu awo akuphunzitsidwabe mpaka lero.

Nanga nsomba ndi zamoyo zina?

Kudziwa kuti madzi ali ndi mamiligalamu 1.4 pa lita sikutiuza kanthu ngati sitikudziwa kuti mlingo umenewo umachita chiyani kwa zamoyo. Choncho mbali yachiwiri ya ntchitoyi ndi kuyerekeza manambala a kompyuta ndi zimene zinapezeka m'labotale. Muyeso wodziwika kwambiri umatchedwa LC50. Ndi mlingo wa mankhwala umene umapha theka la zamoyo zimene zikuyesedwa, ndipo pa nsomba nthawi zambiri amayesa kwa maola 96. Mlingo umene akatswiri amauona kuti ndi wosaopsa amauika pansi kwambiri kuposa pamenepo, chifukwa nsomba ingapulumuke imfa koma n'kulephera kuswana, ndiponso mazira ndi tiana ta nsomba sizipirira ngati nsomba zikuluzikulu.

Mankhwala amapha mosiyanasiyana. Ambiri mwa amene anatayika ku Basel, monga disulfoton, amasokoneza mitsempha, moti nyama imalephera kulamulira minofu yake. Cyanide amalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito okosijeni. Pa 30 January 2000, damu la zotsalira za mgodi wa golide linaphulika ku Baia Mare m'dziko la Romania, ndipo madzi a cyanide pafupifupi malita 100 miliyoni anayenda kudzera mumitsinje ya Someș ndi Tisza mpaka mu Danube. Ku Hungary kokha kunafa nsomba zoposa matani 1,000. Asidi amawononga ziwalo zopumira za nsomba, ndiponso amasungunula zitsulo zimene zinali zitakhala phee m'dothi.

Pali njira ina imene imadabwitsa ambiri. Zinthu zina si poizoni n'komwe, monga zotsalira za shuga kapena zonyansa za m'zimbudzi. Tizilombo ta m'madzi timazidya, timachulukana, ndipo timamaliza okosijeni. Madzi ofunda madigiri 20 amasunga okosijeni wokwana mamiligalamu pafupifupi 9 okha pa lita, ndipo akamafunda kwambiri amasunga wochepa. Popeza tizilomboto timafuna nthawi kuti tichulukane, nsomba sizifera pamalo pamene zinthuzo zatayikira. Zimakafera makilomita angapo kumunsi, kumene anthu sangaganize kuti vuto lachokera kutali. Masamu a Streeter ndi Phelps amasonyeza malo amenewo.

Choopsa china chimabwera mwakachetechete. Mercury akakhazikika m'matope amasandulika mtundu umene umalowa m'matupi a tizilombo ting'onoting'ono. Nsomba yaing'ono imadya tizilombo tambiri, yaikulu imadya zing'onozing'ono zambiri, ndipo pa sitepe iliyonse poizoni amachuluka. Womaliza kudya ndi munthu. Ku Minamata m'dziko la Japan, matenda oopsa a ubongo ndi mitsempha anadziwika mu 1956 pakati pa mabanja a asodzi amene ankadya nsomba za m'madzi othiridwa mercury wa kufakitale. Ichi n'chifukwa chake pulogalamu yabwino siyang'ana madzi okha. Imawerengeranso matope ndi zimene zamoyo zikudya.

Zimene mayiko a m'mbali mwa Rhine anaphunzira

Ngozi ya ku Basel itachitika, mayiko a kumunsi anadandaula kuti uthenga wochenjeza unachedwa. Mu 1987 mayiko a m'mbali mwa mtsinjewo anagwirizana za ndondomeko yotchedwa Rhine Action Programme, ndipo chizindikiro cha chipambano chimene anasankha chinali chakuti nsomba za salmon, zimene zinasowa m'zaka za m'ma 1950, zibwerere pofika chaka cha 2000. Mafakitale analamulidwa kukumba malo osungira madzi ozimitsira moto kuti asamathamangire kumtsinje. Malo oyezera madzi usana ndi usiku anawonjezedwa, ndipo m'malo ena amasunga tizilombo ta m'madzi totchedwa Daphnia m'madzi otungidwa mumtsinjewo. Tikangosintha kasambiridwe, makina amachenjeza.

Anapanganso pulogalamu yotchedwa Rhine Alarm Model. Pofuna kutsimikiza kuti ikunena zoona, akatswiri ankathira utoto wosaopsa mumtsinje, n'kumayeza nthawi imene ukufika m'malo osiyanasiyana, kenako n'kukonza manambala a m'pulogalamuyo mpaka agwirizane ndi zimene aona. Anawerengeranso malo a m'mbali amene madzi amazungulira osapita patsogolo, chifukwa malo otere amasunga poizoni n'kumamutulutsa pang'onopang'ono gulu lalikulu litadutsa kale. M'zaka za m'ma 1990 nsomba za salmon zinayambadi kuonekanso m'timitsinje tothira mu Rhine. Pulogalamu sinayeretse mtsinjewo. Anauyeretsa ndi malamulo, ndalama ndi kugwirizana kwa mayiko. Pulogalamu inangowapatsa maola oti achitepo kanthu ngozi ikagwa.

Kafue, pafupi ndi kwathu

Nkhaniyi si ya ku Ulaya kokha. Pa 18 February 2025, damu losungira zotsalira za mgodi wa kopa la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linagumuka ku Chambishi, m'chigawo cha Copperbelt. Madzi a asidi osakanikirana ndi zitsulo analowa mumtsinje wa Mwambashi, umene umathira mu Kafue. Nsomba zinafa, mbewu za m'mbali mwa mtsinje zinapsa, ndipo madzi a m'mipope mumzinda wa Kitwe anatsekedwa. Boma linagwiritsa ntchito ndege za asilikali kuthira laimu m'madzimo kuti aphe mphamvu ya asidi. Kafue ndi mtsinje umene mzinda wa Lusaka umatungako madzi, ndipo umathira mu Zambezi, amene amapitirira mpaka ku Mozambique.

Nkhani ya Kafue ikutiphunzitsa za malire a kompyuta. Poyamba kunanenedwa kuti malita pafupifupi 50 miliyoni ndiwo anatayika. Pambuyo pake kampani ina imene inapatsidwa ntchito yofufuza inanena kuti zotayikazo zinali zochuluka kwambiri kuposa pamenepo, ndipo eni mgodiwo anatsutsa. Tibwerere ku masamu athu aja. Tikanauzidwa kuti anatayika makilogalamu 100 pamene anali 1,000, yankho lathu likanachepa kakhumi, ngakhale tikanagawa molondola. Kompyuta imakhulupirira nambala iliyonse imene yapatsidwa. Wonena zoona pa zimene zatayika, ndi woyeza madzi a mumtsinje mokhulupirika tsiku ndi tsiku ngakhale palibe womuona, ndi amene amapatsa pulogalamu mphamvu yake.

Chinanso n'chakuti laimu amapha asidi, koma zitsulo zimakhazikika m'matope. Madzi osefukira a chaka chotsatira angazivundulenso. Madzi kuoneka oyera si umboni woti mtsinje wachira.

Nyanja si mtsinje

Mtsinje umadzitsuka chifukwa madzi ake amapita. Nyanja ya Malawi ili ndi potulukira pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka mwa kuuluka ndi dzuwa. Madzi akauluka, zitsulo ndi mankhwala osawola zimatsala. Choncho chinthu chotere chikalowa m'nyanjayi chingakhalemo zaka mazana. Poyerekezera nyanja, mabokosi ondandalikidwa mzere umodzi sakwanira. Pamafunika mabokosi a m'litali, m'lifupi ndi ozama, chifukwa madzi ofunda a pamwamba sasakanikirana msanga ndi ozizira a pansi, ndipo mphepo ya mwera imakankha madzi a pamwamba kupita kumpoto. Tikumbukirenso kuti madzi ambiri a mumzinda wa Blantyre amatungidwa mu Shire, pa Walkers Ferry. Mafunso atatu aja akhoza kudzakhala athu tsiku lina.

Zimene tingachite m'kalasi ndi kumudzi

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tikhoza kuphunzitsa zonsezi popanda labotale yodula. Tipite ndi ophunzira pangalande kapena pakamtsinje kosaya. Tiyeze mamita 20, tiponye kamtengo, tiwerenge masekondi. Kakatenga masekondi 40, madzi a pamwamba akuyenda theka la mita pa sekondi. Popeza a pansi amatsalira, tichulukitse ndi 0.8 kuti tipeze liwiro la madzi onse. Kenako tiponye timasamba 30 nthawi imodzi, tilembe nthawi imene loyamba lafika, imene ambiri afika, ndi imene lomaliza lafika. Ena adzakodwa m'bango. Pamenepo ophunzira aona ndi maso kutengedwa, kumwazika ndi malo osunga poizoni. Amene ali ndi kompyuta angalembe mabokosi khumi mu Excel n'kupanga pulogalamu yawoyawo yaing'ono.

Kumudzi, zimene taphunzirazi zikutipatsa malangizo omveka. Tisatsukire sipuleya kapena mabotolo a mankhwala a m'munda mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime, makamaka m'chilimwe pamene madzi ndi ochepa. Tikaona nsomba zambiri zitafa mwadzidzidzi, tisatole, tisadye, tisagulitse. Tilembe malo, tsiku, ola, mtundu wa madzi ndi fungo lake, tijambule ndi foni, ndipo tidziwitse mfumu, alangizi a zaumoyo ndi ofesi ya zachilengedwe ya paboma. Tichenjezenso midzi ya kumunsi, chifukwa ndi kumene poizoni akupita. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo toyambitsa matenda, koma sikuchotsa zitsulo. Ndipo chenjezo likabwera, tilifalitse m'masukulu, m'misika ndi m'mipingo mwathu, pakuti yankho la kompyuta silipulumutsa munthu ngati silinafike kwa mayi amene akutsikira kudooko ndi ndowa pamutu.

Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Makina onse amene tafotokozawa amayamba ntchito zinthu zitatayika kale. Angatipatse tsiku limodzi kapena awiri, ndipo masiku amenewo ndi amtengo wapatali, koma ntchito yaikulu ndi ya amene amamanga damu lolimba, amasunga mankhwala kutali ndi madzi, ndipo amanena zoona msanga zinthu zikalakwika.

Mafunso okambirana

1. M'chitsanzo chathu cha m'chilimwe, ngati kamtsinje ka madzi abwino kothira malita 10,000 pa sekondi kalowa mapampu asanafike, mlingo wa poizoni pamapampu ukhala wotani?

2. N'chifukwa chiyani nsomba zingafere kutali ndi pamene zonyansa zatayikira, pamene za pafupi zili moyo?

3. Madzi amene timamwa pano pasukulu amachokera kuti, ndipo kumtunda kwake kuli chiyani chimene chingatayikire m'madzimo?

4. Mtsinje wa kwanu utaipitsidwa usiku uno, ndani angayambe kudziwa, ndipo uthenga ungadutse mwa yani kuti ufike kumudzi wotsatira dzuwa lisanatuluke?